Dziwe la nsomba likudontha: kodi faiba ingathetse vutoli?

Funso

"Ndimakhala ku Area 47 ku Lilongwe. Kuseri kwa nyumba tili ndi dziwe la nsomba lomwe anamanga ndi njerwa n'kupaka pulasitala zaka 6 zapitazo. M'litali ndi mamita 3, m'lifupi mamita 2, kuya kwake masentimita 80. Muli nsomba za koi zisanu ndi makumba angapo. Kuyambira chaka chatha madzi akumatsika pafupifupi masentimita 5 patsiku. Mmisiri anabwera kudzamata ming'alu ndi simenti kawiri konse, kenako anapaka phula lakuda, koma patangotha miyezi iwiri vuto linayambiranso. Bilu ya madzi yatikwana. Mnzanga wandiuza kuti ndiikemo faiba ngati ya maboti. Kodi zimathandizadi? Nanga nsomba sizingafe ndi mankhwala ake? Ndingathe kugwira ntchitoyi ndekha ndi mnyamata wa pakhomo?" Mayi wa ku Area 47

Yankho

Khazikitsani mtima pansi, mayi. Dziwe la njerwa ndi pulasitala likafika zaka zimenezi kudontha si zachilendo, ndipo mnzanuyo sanakunamizeni. Faiba, yomwe ndi nsalu ya ulusi wa galasi yonyowetsedwa ndi mankhwala amadzimadzi otchedwa resin omwe kenako amalimba, ikaikidwa bwino imakuta mkati monse popanda msoko, ngati mwalowetsa beseni lalikulu m'dziwemo, ndipo imatha zaka zambiri osafunika kukonzanso. Ikalimba n'kuuma mokwanira siipha nsomba. Koma ntchito ya faiba ikalephereka, nthawi zambiri vuto silikhala faibayo ayi. Limakhala pamene anaiyalapo: khoma lachinyontho, pulasitala wofumbutuka, kapena phula ngati lomwe linapakidwa m'dziwe lanulo. N'chifukwa chake mawu anga ambiri akhala pa zoyenera kuchita musanatsegule ngakhale chitini chimodzi cha resin.

Tiyambe ndi kuwerengera madzi amene mukutaya. Pamwamba pa dziwe lanu ndi masikweya mita 6, kutanthauza kuti madzi akatsika sentimita imodzi mwataya malita 60. Masentimita 5 ndi malita 300 patsiku, pafupifupi malita 9,000 pamwezi, pamene dziwe lonselo likadzaza limalowa malita 4,800. Dzuwa ndi mphepo zimachotsadi madzi, makamaka mu Okutobala, koma zimachotsa mamilimita angapo patsiku, osati masentimita 5. Choncho kudontha kulipodi. Chimene sitikudziwa ndi pamene madziwo akutulukira, ndipo musagule kanthu musanadziwe zimenezi.

Dzazani dziwe, lembani chizindikiro pakhoma pamene madzi alekeza, zimitsani pampu kwa tsiku lathunthu. Madzi akasiya kutsika pampu itazima, ndiye kuti dziwe lili bwinobwino, vuto lili pa mapaipi, pa fyuluta kapena pa miyala pamene madzi amatsetserekera, ndipo faiba mungangoiwonongera ndalama. Akapitiriza kutsika, alekeni atsike osawonjezera, mukuyang'anira nsomba kuti zisasowe madzi. Pamene adzaime ndi pamene pali bowo lotsikitsitsa. Akaima pa msinkhu wa paipi yolowa m'khoma, wolakwa mwamupeza. Akatsika mpaka pansi, mng'alu uli pansi kapena m'ngodya momwe khoma limakumana ndi pansi, ndipo m'maiwe a njerwa malo amenewa ndi amene amavuta kwambiri. Pamene mukukayikira, donthezani mkaka pang'ono ndi sirinji pafupi ndi mng'alu madzi ali bata. Mudzauona ukukokedwa kulowa mmenemo.

Tsopano funso lofunika kwambiri ndi lakuti, kodi mng'aluwo unaima kapena ukuyendabe? Kuno ku Lilongwe malo otsika oyandikira madambo ali ndi dothi la makande, lomwe limafufuma m'dzinja n'kung'ambika m'chilimwe. Dziwe lomangidwa pa dothi lotere, ndi njerwa imodzi komanso pansi popanda waya kapena zitsulo, limagwedezeka chaka chilichonse. Mizu ya mango, bulugamu, mkuyu ndi jakaranda nayo imalondola chinyontho n'kukankha khoma. Timing'alu tating'ono ngati tsitsi faiba imatikuta popanda vuto chifukwa imatha kupindika pang'ono. Koma mng'alu woti ndalama yachitsulo ilowe, kapena womwe mbali imodzi yakwera kuposa inzake, ukusonyeza kuti dziwe likutitimira kapena likukankhidwa, ndipo faiba si maziko. Kuti mudziwe, matani kasimenti kopyapyala mopingasa mng'aluwo m'malo awiri kapena atatu, mudikire masabata awiri kapena atatu. Kakang'ambika, khoma likuyendabe ndipo muyenera kuyamba mwakonza zimenezo: kudula mizu, kuthira konkire wina pansi wokhala ndi waya, kapena kumanganso khoma lomwe lapendama.

Mmisiri wanu uja musamukwiyire kwambiri. Simenti yatsopano yopakidwa pamwamba pa yakale siigwira bwino, ndipo ikamauma imakhwinyata n'kusiya kampata m'mbali mwake. Phula lopakidwa pa khoma lachinyontho limamatuka lokha. Anachita zimene amisiri ambiri amachita, kungoti phulalo lakuwonjezerani ntchito, monga muonere kutsogoloku.

Faiba si njira yokhayo. Mukhoza kuyala pulasitiki yokhuthala ya madamu, imene alimi amayala m'madamu osungira madzi a ulimi wothirira. Imatsika mtengo, imaikidwa tsiku limodzi, ndipo ilibe kanthu ndi phula kapena chinyontho cha khoma. Kuipa kwake n'kwakuti m'dziwe la ngodya zinayi imapanga makwinya momwe zinyalala zimabisala, imabooka ndi mizu kapena chinthu chakuthwa, ndipo kuimata pa mapaipi kumavuta. Palinso mankhwala a simenti otchinga madzi omwe amapakidwa ndi burashi, koma nawonso amafuna kuti phula lichoke, ndipo khoma likasuntha amang'ambika nalo limodzi. Ngati ndalama zili zochepa, yalani pulasitiki. Ngati mukufuna kukonza kamodzi n'kuiwala, ndipo dziwe silikutitimira, faiba ndiyo yabwino. Zipangizo zake zimachokera kunja, ndiye funsani mitengo ya zonse pamodzi musanatulutse madzi.

Nyengo ndi theka la ntchitoyi. Resin ya polyester siigwirizana ndi madzi ngakhale pang'ono, ndiye kuyambira Novembala mpaka Epulo musaganizeko. Pali chifukwa chinanso chosatulutsira madzi m'dzinja: dothi likakhuta, madzi a pansi amakankha dziwe lopanda kanthu kuchokera kunja, ndipo akhoza kuling'amba kuposa mmene lilili. Nthawi yabwino ndi kuyambira Meyi mpaka Seputembala. Resin imagwira bwino kukakhala pakati pa madigiri 15 ndi 25. Mu Juni ndi Julaye m'mawa kumazizira kwambiri, ndiye dikirani mame achoke, muyambe cha m'ma 9 kapena 10 koloko, mumalize dzuwa lisanapendeke. Mu Ogasiti mdani wanu ndi fumbi ndi masamba obwera ndi mphepo. Mu Okutobala n'zotheka, koma resin imalimba mofulumira moti munthu wosazolowera amangoiona yauma m'ndowa. Mwezi uliwonse umene mungasankhe, mangani mthunzi wa lona pamwamba, m'mbali mukhale motsegula kuti mphepo izidutsa.

Nsomba zikhala kunja kwa dziwe nthawi yaitali kuposa mmene mukuganizira, masabata 6 kapena kuposerapo ngati mupakanso pulasitala. Beseni kapena mgolo umodzi sizikwanira. Pezani thanki yapulasitiki ya malita 1,000 yotsegula pamwamba, yomwe sinasungepo mafuta kapena mankhwala, muiike pamthunzi kutali ndi fumbi ndi fungo la ntchitoyo. Idzazeni ndi madzi a m'dziwe momwemo. Phimbani ndi ukonde chifukwa koi zikakhala pamalo achilendo zimalumpha. Ikanimo pampu ya mpweya, ndipo ganiziranitu zomwe mudzachite magetsi akazima, kaya ndi kapampu ka batire kapena kutunga madzi ndi ndowa n'kumawathira kuchokera m'mwamba. Fyuluta ya dziwe isaume, ilumikizeni ku thankiyo, chifukwa tizilombo tabwino timene timayeretsa madzi timakhala mmenemo. Chakudya chepetsani kwambiri, ndipo masiku awiri kapena atatu aliwonse chotsani gawo limodzi mwa magawo asanu a madzi n'kuthira ena omwe agonera masiku awiri kuti chlorine achoke.

Tsopano phula lija. Liyenera kuchoka lonse, osatsala ngakhale kachigamba. Mu resin muli mankhwala otchedwa styrene omwe amafewetsa phula, ndiye faiba yoyalidwa pamwamba pake imakhala ngati yagona pa phala: siigwira, ndipo pamalopo imatha kukana kulimba. Mukhoza kulipala ndi grinder yokhala ndi mbale ya diamond, koma phula likatentha limamata pa mbaleyo ndipo ntchito imachedwa. Nthawi zambiri chapafupi ndi kugumula pulasitala yense mpaka njerwa zionekere n'kupaka watsopano. Ngati mukufuna kusiya wina wakale, gogodani khoma lonse ndi hamala pang'onopang'ono, ndipo paliponse polira ngati ng'oma pachoke. Ming'alu ikuzeni ndi chizulo kapena grinder kuti ikhale yotseguka kukamwa, tsukani fumbi, mudzaze ndi matope a simenti imodzi ku mchenga itatu.

Pulasitala watsopano akhale wa simenti imodzi ku mchenga inayi, mchenga wa kumtsinje wosefa, wopanda dothi. Muuzeni mmisiri amalize ndi thabwa, asasalalitse ndi chitsulo mpaka kunyezimira, chifukwa resin imafuna pokhakhala pang'ono kuti igwire. Ngodya zonse zikhale zozungulira. Nsalu ya faiba siikhota pa ngodya yakuthwa, imadzuka n'kusiya mphako kuseri kwake, ndipo mphakozo ndi zimene zimadzaphulika madzi akalemera. Ikani matope m'ngodya n'kukokamo botolo kuchokera uku mpaka uko, lisiya kakhonde kozungulira bwino. M'mphepete mwa pamwamba namonso muchotse kuthwa. Kenako thirirani pulasitalayo sabata yoyamba kuti alimbe, ndipo mumusiye akwanitse masiku 28.

Khoma likhoza kuoneka louma pamaso lili ndi chinyontho mkati. Dulani pepala lapulasitiki la masentimita 50 mbali zonse, limateni pansi pa dziwe ndi tepi kuzungulira konse, lina pakhoma chakumunsi, musiye usiku wonse. M'mawa mukapeza thukuta kunsi kwa pulasitiki kapena simenti yada pamalopo, dikirani masiku ena. Musathirire kapinga ndi maluwa oyandikira dziwe nthawi yonseyi. Ngati papita masabata ndipo pansi sipakuuma, ndiye kuti madzi akuchokera m'dothi kapena pali paipi yophulika pafupi, ndipo pamenepo faiba iyambe yadikira.

Mapaipi a PVC amafuna chisamaliro chapadera chifukwa resin siigwira pa pulasitiki yosalala. Khulani paipiyo ndi sandipepa wokhakhala, pukutani ndi acetone, mankhwala otsukira resin ndi mafuta, pakani guluu wa mapaipi a PVC mopyapyala, auma kenako muzungulize faiba. Silicone aliyense amene anamatidwapo kale achoke. Ganiziraninso pamene faiba idzathere kumtunda. Siyenera kuthera pansi pa msinkhu wa madzi, chifukwa madzi adzalowa kuseri kwake n'kuimatula. Ngati pamwamba pa khoma pali miyala kapena matailosi, achotseni, faiba ikwere n'kugona pamwamba pa khoma masentimita 10 mpaka 15, kenako mubwezeretse miyalayo. Ngati sizingatheke, dulani kamzere kakuya sentimita imodzi m'khoma pamwamba pa msinkhu wa madzi, faiba ithere mmenemo.

Nazi zogula, powerengera dziwe lanulo. Pansi ndi masikweya mita 6, makoma anayi ndi 8, m'mphepete mwa pamwamba ndi 1.5, ndipo tikawonjezera za m'misoko ndi zotayika tifika pa 17. Funsani nsalu ya faiba yotchedwa chopped strand mat ya magalamu 450 pa sikweya mita. Muyala ziwiri, ina pamwamba pa inzake, ndiye mufunika masikweya mita 34, omwe ndi makilogalamu 15 ndi pang'ono. Resin imalowa kawiri ndi theka kulemera kwa nsalu, ndiye makilogalamu 38, kuwonjezapo ina yoyamba kupaka pakhoma ndi ya kansalu kopyapyala kotchedwa surface tissue. Gulani makilogalamu 45 mpaka 50. Tissue ikhale masikweya mita 17. Utoto womalizira, flowcoat, umalowa pafupifupi theka la kilogalamu pa sikweya mita, ndiye makilogalamu 10 akwanira. Catalyst, mankhwala amene amalimbitsa resin, imene ena amati hardener ndipo dzina lake ndi MEKP, gulani lita imodzi ndi theka kuti isakuthereni pakati. Onjezani acetone malita 5, marola aubweya, maburashi otsika mtengo angapo, ndowa zapulasitiki, sikelo, masirinji opanda singano, ndi rola yachitsulo yamizeremizere yotulutsira mpweya. Rola imeneyi musaisiye ngakhale ikhale yovuta kupeza.

Pogula chenjerani ndi zinthu ziwiri. Choyamba, gelcoat ndi flowcoat n'zofanana m'chitini koma si chimodzi. Gelcoat anaipangira kuthira m'chikombole momwe mulibe mpweya, ndipo mukaipaka poyera imakhala yomata mpaka kalekale. Flowcoat, ena amati topcoat, ili ndi sera imene imakwera pamwamba n'kutchinga mpweya kuti ilimbe. Chachiwiri, resin imakalamba. Ikakhala miyezi yambiri m'sitolo yotentha imakhuthala ngati uchi wozizira kapena kuchita mibulu. Funsani kuti inafika liti, ndipo musanayambe ntchito sakanizani kapu imodzi ndi catalyst muone ngati ikulimba pa mphindi 20 kapena 30. Mukapeza resin ya mtundu wa isophthalic tengani imeneyo, imapirira madzi kuposa wamba, ngakhale wambayo imagwiranso ntchito m'maiwe.

Kusakaniza musachite mongoyerekeza ndi maso. Pa kilogalamu imodzi ya resin, mamililita 10 a catalyst ndi pafupifupi 1 peresenti, mamililita 20 ndi 2 peresenti. Kukatentha gwiritsani 10, kukazizira 20. Musatsike pansi pa 10, chifukwa resin siidzalimba mokwanira ngakhale mudikire mwezi, ndipo resin yosalimba ndi imene imapha nsomba. Musapitirirenso 30 pofuna kufulumiza, imatentha kwambiri n'kung'ambika. Sakanizani kilogalamu imodzi kapena awiri pa nthawi, takasani bwino mphindi imodzi kapena ziwiri mukupala m'mbali ndi pansi pa ndowa, ndipo dziwani kuti muli ndi mphindi 15 mpaka 20 zokha. Ikayamba kuchita ngati phala lozizira, itayeni, musayese kuisungunula ndi acetone.

Dulani nsalu zonse musanasakanize kanthu, muziyese pakhoma, muziike mwadongosolo pamalo ouma. M'mbali momwe zidzakumane ndi bwino kung'amba ndi manja kusiyana ndi kudula ndi sizasi, chifukwa mbali yong'ambidwa imasungunukira mu inzake osasiya mzere. Sesani fumbi lonse, kenako pakani resin yokhala ndi catalyst pa pulasitala yense kuti amwe, mudikire mpaka ikhale yomata pang'ono koma yosatsalira pa chala mukaikhudza. Mukadumpha zimenezi, pulasitala adzayamwa resin ya m'nsalu yoyamba n'kuisiya youma.

Yambani ndi makoma, pansi pakhale pomalizira kuti mukhale ndi popondapo. Pakani resin pakhoma, yalani nsalu, pakaninso resin pamwamba, mudikire kamphindi kuti nsaluyo ifewe, kenako yendetsani rola yachitsulo ija. Nsalu youma ndi yoyera, yokhuta resin imaonekera mkati ngati galasi. Paliponse potsala poyera pali mpweya kapena resin yachepa, ndipo pamenepo ndi podzadonthera. M'ngodya ndi mozungulira mapaipi gwiritsani burashi mojinyajinya, osati mokoka ngati mukupaka penti, chifukwa kukoka kumasuntha ulusi. Nsalu iliyonse ikwere pa inzake masentimita 5, ndipo ya kukhoma itsike n'kugona pansi masentimita 10. Yachiwiri iyaleni yoyamba isanalimbe, misoko yake isagwere pamodzimodzi ndi ya yoyamba, kenako tissue pamwamba. Musathire resin yambiri poganiza kuti ndiye kulimba. Mphamvu ili mu ulusi, resin yokhayokha imasweka ngati botolo. Pansi yambirani kutali, muzibwerera m'mbuyo mpaka potulukira.

Ikalimba, kaya madzulo omwewo kapena m'mawa mwake, yendetsani dzanja lovala golovesi paliponse. Timinga ta ulusi toimirira tikhuleni ndi sandipepa, chifukwa timabaya nsomba komanso timakoka madzi kulowa mkati mwa faiba. Pomwe pali thovu la mpweya, palani mpaka lichoke n'kumatapo kachigamba. Chotsani fumbi, pukutani ndi acetone pang'ono, ndipo pakani flowcoat pasanathe tsiku limodzi, nayonso muisakanize ndi catalyst. Pakani kamodzi kokha koma mokwanira, chifukwa sera ija imalepheretsa ina kugwira pamwamba pake pokhapokha mutakhulanso. Mtundu wakuda kapena wobiriwira modera umabisa ndere ndipo koi zimaoneka bwino mmenemo, koma wakuda umatentha msanga padzuwa, ndiye pakani pamthunzi.

Zikalakwika faiba imadzionetsa yokha. Ikachita mbuu ngati mkaka, yakumana ndi chinyontho, kaya cha m'khoma, cha mame, kapena thukuta lodontha pa nkhope ya wogwira ntchito. Ikakhala yofewa ndi yomata patapita tsiku, catalyst inachepa kapena sinasakanizike bwino, ndipo malo amenewo ayenera kupalidwa n'kuyalidwanso, osati kukwiriridwa ndi flowcoat. Ikalira ngati ng'oma mukagogoda, sinagwire khoma. Kamalo kakang'ono kotere pakati pa khoma si koopsa kwenikweni chifukwa madzi adzakakanikiza, koma m'ngodya, pa paipi kapena m'mphepete mwa pamwamba pakonzeni.

Za chitetezo musazitenge mopepuka. Mpweya wa styrene ndi wolemera kuposa mpweya wamba, ndiye umadikha pansi pa dziwe pomwe munthu wagwada. Masiki ansalu kapena a fumbi satchinga mpweya umenewu, pamafunika masiki okhala ndi timabokosi tosefa mpweya wa mankhwala. Wina akayamba chizungulire kapena mutu, atuluke msanga akapume, ndipo munthu asagwire ntchitoyi yekha. Catalyst ndi yoopsa kuposa zonse: kadontho kamodzi m'diso kakhoza kuchititsa khungu. Valani magalasi oteteza maso poyeza, ikani ndowa ya madzi oyera pafupi, ndipo ikagwera m'diso tsukani ndi madzi ambiri kwa mphindi 15 kenako thamangirani kuchipatala mutatenga botolo lake. Mukagulitsidwa kabotolo kena ka accelerator, mankhwala ofulumizitsa kulimba kwa resin, kasakhudzane ndi catalyst pakokha, zimatha kuyaka kapena kuphulika. Resin ndi acetone zimagwira moto msanga, ndiye fodya ndi mbaula zikhale kutali. Resin yotsala m'ndowa imatentha yokha mpaka kufuka utsi, choncho iikeni panja pa dothi, kutali ndi udzu wouma, mpaka izizire. Fumbi la faiba limayabwa, valani zamanja aatali, ndipo ana ndi agalu asayandikire.

Pa funso lanu la nsomba, chinsinsi ndi kudikira. Flowcoat ikauma siyani dziwe lopanda madzi masiku osachepera 7, ndipo ngati ndi Juni kapena Julaye dikirani masabata awiri. Lolani dzuwa liwombemo, kutentha kumathandiza kuti imalize kulimba. Lowani, gwadani, nunkhizani pansi. Fungo la resin likamamvekabe kwambiri, nthawi sinakwane. Kenako tsukani ndi madzi ofunda ndi burashi yofewa, tayani madziwo, dzazani dziwe, lembani chizindikiro, musiye masiku atatu. Apa mukuyesa ngati kudontha kwatha komanso mukutsuka zotsalira. Madzi amenewa atulutseni onse, osawathira m'dimba la ndiwo zamasamba. Dzazaninso, yatsani pampu masiku awiri kuti chlorine wa m'madzi a pampopi achoke, kenako ikanimo makumba awiri okha. Akatha masiku atatu akusambira ndi kudya bwino, osapuma mobanika pamwamba pa madzi, bweretsani zinazo, koi pomalizira. Musazikhuthulire mwadzidzidzi: ziikeni m'ndowa ya madzi a m'thanki, muziwonjezeramo a m'dziwe pang'onopang'ono kwa theka la ola.

Mungathe nokha ndi mnyamata wa pakhomo? Kugumula, kuyang'anira pulasitala, kuumitsa, kusamala nsomba, zonsezi mungathe. Kuyala faiba ya masikweya mita 17 koyamba m'moyo, ndi resin yolimba pa mphindi 15, ine sindingakulimbikitseni. Pamafunika anthu atatu, wina wosakaniza, wina woyala, wina wa rola, ndipo mmodzi mwa iwo akhale woti anaigwirapo. Anthu odziwa faiba amapezeka pakati pa okonza maboti kunyanja, monga ku Senga Bay ku Salima, komanso okonza mathanki ndi mabampala a galimoto m'tauni muno, ngakhale wa mabampala anazolowera tizigamba ting'onoting'ono, ndiye mufunseni ngati anayalapo malo aakulu. Musanagwirizane mtengo mufunseni kuti ayala nsalu zingati, za magalamu angati, catalyst amayeza ndi chiyani, ndipo phula achita nalo bwanji. Akanena kuti angoyala pamwamba pa phulalo, kapena kuti nsomba zibwerera mawa lake, muthokozeni azipita. Mukalimbikirabe kuchita nokha, yambani mwayesera pa thabwa kapena pa silabu ya sikweya mita imodzi yokhala ndi ngodya.

Pali zinthu ziwiri zofunika munthu wina osati wa faiba. Ngati dziwe lili pafupi ndi nyumba kapena mpanda, kumbukirani kuti malita 300 akhala akulowa m'dothi limenelo tsiku lililonse kwa chaka. Yang'anani makoma oyandikira, ndipo mukaona ming'alu yatsopano kapena zitseko zoyamba kuvuta kutseka, itanani injiniya wa zomangamanga aone dziwe ndi nyumba yomwe musanakonze kanthu. Ndipo nsomba zikayamba zilonda, mawanga oyera kapena kukana chakudya zili m'thanki, sinthani gawo la madzi tsiku lomwelo, wonjezerani mpweya, kenako funsani alangizi a ku Dipatimenti ya Nsomba kapena a zaulimi wa nsomba ku Bunda musanathiremo mankhwala aliwonse.